Ku Dambo la Njovu ndi Thumba Losalemera

Msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa ndi wa makilomita pafupifupi 50 okha, koma umamuchotsa munthu m'dziko lina n'kukamutula m'dziko linanso. Mumanyamuka mutavala juzi, koma pofika pa Thabwa, kunsi kwa chitunda, juziyo mwaivula kale ndipo mukufunafuna botolo la madzi. Blantyre ali pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu yamchere, pamene chigwa cha Shire chili cha m'mamita 100 ndipo chimatsikirabe mukamalowera ku Nsanje. Pakati pa makona a msewuwu pali malo omwe galimoto ingaime. Mukaima pamenepo chigwa chonse chimaoneka ngati mphasa yoyala: Shire akunyezimira, minda ya nzimbe ili biriwiri, ndipo chakummwera, komwe maso amayamba kugonja, mtsinje uja umataya magombe ake n'kusanduka dambo lalikulu. Limeneli ndiye Dambo la Njovu, lomwe pa mapu amalemba kuti Elephant Marsh.

Dambo limeneli si nyanja, si mtsinje, komanso si mtunda. Shire akadutsa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa amayenda mwaulesi chifukwa malo ndi athyathyathya, kenako amagawikana timifuleni tambirimbiri pakati pa bango ndi gumbwa mpaka kukafika ku Chiromo, komwe kale ankakumana ndi mtsinje wa Ruo. Kukula kwa damboli kumasintha ndi nyengo. Dzinja limatambasuka, chilimwe limakwinyika n'kusiya nthaka yachinyontho yomwe anthu amalimapo madimba. Pa mapepala ndi mahekitala oposa 61,000. Mu 2017 linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa mgwirizano womwe mayiko anasainirana mu 1971 ku Ramsar, m'dziko la Iran. M'Malawi muno linali lachiwiri kulandira ulemu umenewu, kutsatira nyanja ya Chilwa yomwe inalembedwa mu 1997.

Tinapitako mabanja awiri ochokera ku Lilongwe, akuluakulu anayi, m'mwezi wa Julaye. Ndalama zake tinasonkha chaka chathunthu kudzera m'chipereganyu. Zofuna zinali ziwiri ndipo sizinkagwirizana. Amayi ankafuna kugonako usiku umodzi m'hotela yaikulu ya mumzinda, yomwe amangoiona podutsa, kuti nawonso adzuke tsiku limodzi opanda kuganiza za mbaula ndi mbale. Abambo ankafuna kukwera bwato m'dambo lomwe anangoliphunzira m'kalasi. Thumba silikanatha kunyamula zonse ziwiri mokwanira. Ndiye funso lomwe tinakhala nalo pansi linali lakuti: pa ulendo wonsewu, ndi pati pomwe kwacha ikugula chinthu chenicheni, nanga ndi pati pomwe ikungogula dzina?

Tinagwirizana kuti hotela ikhale usiku umodzi basi, ndipo usikuwo ubwere pomaliza, tikuchokera kuchigwa. Maganizo ake ndi osavuta. Munthu amene wangochoka kunyumba kwake, wagona bwino dzulo lake ndipo mtima uli pa ulendo wamawa, bedi lofewa salimva kukoma kwake. Amangotembenuka kudikira kuche. Koma amene wakhala masiku awiri pa dzuwa, fumbi lili m'tsitsi, msana ukuwawa chifukwa cha mabampu, ameneyo madzi otentha osamba ndi bedi loyera zimamufika m'mafupa. Chipinda n'chomwecho, mtengo ndi womwewo, koma phindu lake limasiyana kutali.

Tinanyamuka Lamulungu m'mawa kuti tidzakhale titabwerera kwathu Lachinayi, Lachisanu likhale la kukonzekera monga mwa masiku onse. Usiku woyamba tinagona kwa achibale ku Chilomoni, titawatengera thumba la mbatatesi ndi nyemba za ku Dedza zomwe tinagula panjira. Galimoto inali imodzi, yokwera m'mimba, ndipo mafuta tinagawana pakati. Tinadzaza thanki ku Blantyre komweko. Aliyense amene wayendapo m'dziko muno zaka zapitazi akudziwa kuti mafuta ukawapeza umathira, sunena kuti ndikathira kutsogolo.

Pa Thabwa njira zimapatukana. Yowongoka imawoloka Shire kupita ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, kumadzulo kwa dambo. Yopita kumanzere ndi ya ku East Bank, yomwe imatsata tsinde la mapiri a Thyolo kudutsa ku Livunzu, Masenjere mpaka ku Fatima ndi Makhanga. Ife tinatenga imeneyi, chifukwa kumeneko n'komwe kuli mudzi wa Mchacha James, womwe mabuku a alendo akhala akuutchula ngati pokwerera bwato. Njirayi imadutsa timitsinje tambiri totsika m'mapiri, ndipo dzinja lililonse timitsinje timeneti timaisiya ndi mabala. Musanapite, imbirani munthu wakumeneko akuuzeni mmene ilili sabata imeneyo. Ilipo njira inanso yomwe ambiri a ife timaidziwa theka lake: yochoka ku Thyolo kudutsa ku Makwasa, pafupi ndi Malamulo, kupita ku Thekerani n'kutsetsereka mpaka ku Muona. Imeneyonso muyambe mwafunsa.

Kuchigwa tinagona m'nyumba yogona alendo yamtengo wotsika, ya zipinda zochepa, madzi osamba a m'ndowa. Sitinachite nayo manyazi. Chomwe tinayang'ana tisanalipire chinali chitseko chokhoma bwino, chimbudzi chaukhondo, ndi pomangirira neti. Maneti tinatenga athu a kunyumba, onyikidwa m'mankhwala, pamodzi ndi chingwe ndi timisomali. Neti ya pamalo ogona alendo mukhoza kuipeza ili ndi chibowo cholowa chibakera, ndipo udzudzu wa kuchigwa suchita kuitanidwa.

Pa nkhani ya udzudzuyi tiyeni tichedwepo pang'ono, chifukwa mbiri ya damboli ili ndi phunziro lake. David Livingstone anadutsa muno mu 1859 pa sitima yake ya Ma-Robert, ndipo analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Dzina la dambo linachokera pamenepo. Patangopita zaka zitatu, mu Januwale 1862, Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero anatsika ndi bwato kuti akakumane ndi Livingstone pomwe Ruo amathira mu Shire. Panjira bwato linagubuduzika, ndipo mankhwala awo, kuphatikizapo kwinini, anapita ndi madzi. Malungo atamugwira panalibe chomupatsa. Anamwalira pa 31 Januwale 1862 ali ndi zaka 36, ndipo anaikidwa kufupi ndi Chiromo. Mnzake Henry Burrup anakwanitsa kubwerera ku Magomero koma naye anamwalira patangopita masabata ochepa. Njovu zija zinatha ndi mfuti za osaka minyanga, ngakhale boma la atsamunda linalengeza damboli kukhala malo otetezedwa mu 1897. Udzudzu wokha ndi umene sunasamuke.

N'chifukwa chake pa bajeti yathu panali mzere womwe palibe analoledwa kuukhudza: mafuta odzola othamangitsa udzudzu, mapaketi a Thanzi, mankhwala othira m'madzi akumwa, sopo, ndi ndalama yapadera yoti wina akadwala tithamangire naye kuchipatala. Madzulo aliwonse dzuwa likamalowa tinkavala malaya a manja aatali ndi masokosi, ngakhale thupi linkakana. Madzi akumwa tinanyamula zigubu ziwiri za malita 20, ndipo omwe tinatunga kumeneko tinkayamba tawathira mankhwala n'kudikira theka la ola. Sitinaiwale kuti mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unayamba kuonekera kummwera kuno mvula yamkuntho itangodutsa, ndipo Nsanje anali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa.

Lolemba madzulo tinakaonekera kwa anyakwawa ndi kwa a komiti ya asodzi ya padoko. Musadumphe mwambo umenewu poganiza kuti mukupulumutsa nthawi. Iwowa ndi amene amadziwa wopalasa bwato wodalirika, amadziwa kumene mvuu zaswera, ndiponso china chikachitika ndi amene angayambe kukufunani. Anthu a kuno ambiri ndi Asena ndi Amang'anja. Chichewa amamva bwino, koma mukamva wina akunena kuti “takhuta” mutangomupatsa moni kapena kanthu kakang'ono, musadabwe kuti wadya nthawi yanji. M'Chisena mawuwa ndi othokoza.

Tinalowa m'madzi Lachiwiri mbandakucha, mabwato awiri, aliyense anthu awiri ndi wopalasa wake. Akanatha kutiika tonse m'bwato limodzi n'kutichotserako mtengo, koma apa ndi pamene sitinafune kupulumutsa ndalama. Bwato losema pamtengo likalemedwa, milomo yake imatsala zala zitatu pamwamba pa madzi, ndipo m'madzimo muli ng'ona. Majekete oyandamitsa tinabwereka kwa mnzathu ku Lilongwe. Padoko sitinayembekeze kuwapeza. Ana tinawasiya ndi agogo awo, ndipo titaona mmene bwato limapendamira munthu akangotembenuka, tinagwirizana kuti ulendo umenewu si wa mwana wosakhazikika.

Poyamba munthu suona kanthu koma bango kumanja ndi kumanzere, lalitali kuposa nyumba, ndipo wopalasa amakankha ndi mtengo wautali m'kanjira kopapatiza ngati ka mbewa. Kenako mwadzidzidzi bango limatseguka, ndipo mumapezeka pa thamanda lalikulu lodzaza maluwa oyera ndi obiriwira motuwa, masamba ake ataphimba madzi ngati mbale zoyala. Pamasamba amenewa pamayenda timbalame tofiirira ta zala zazitali, osamira. Akakowa anali paliponse. Nkhwazi ziwiri zinkayankhizana pamwamba pa mivumo ya patsidya. Tinaona avuwo akuuluka motsatana pafupi ndi madzi, atsekwe, abakha am'madzi aang'ono kwambiri, ndi mbalame ina ya mlomo wofiira yomwe imauluka mlomo wapansi ukung'amba madzi posaka tinsomba. Akatswiri amati damboli limasunga mbalame zam'madzi zoposa 20,000, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe linalowera m'kaundula uja. Mmodzi wa ife anali ndi zoonera patali zobwereka, ndipo tinkalandizana.

Phokoso lake nalo ndi lapadera. Injini kulibe. Mumangomva madzi akudontha ku nkhafi, achule akumaliza nyimbo za usiku, ndi patali kubuula kwa mvuu. Titamva mvuuzo bambo wopalasa uja anaima kaye, anamvetsera, n'kutembenuza bwato kulowera kanjira kena osanena kanthu. Pambuyo pake anatifotokozera kuti mvuu yokhala ndi mwana siifuna kuona bwato pakati pa iyo ndi madzi akuya. Anatiletsanso kuviika manja m'madzi. Ifenso tinali ndi chifukwa chathu chomumvera, chowonjezera pa ng'ona: madzi odekha okhala ndi zomera zambiri ndiwo kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take timalowa pakhungu munthu akangoponda kapena kusamba, osamva kalikonse, ndipo zizindikiro, monga magazi m'mkodzo, zimadzabwera pakapita masabata kapena miyezi. Potsika m'bwato tinavala majombo. Wina angaseke kuona mlendo wavala majombo padoko pomwe ana akusambira, koma anawo ndi amene azaumoyo amawapatsa mankhwala a likodzo m'masukulu.

Maluwa okongola aja ali ndi mbali ina. Pansi pake, m'matope, muli timibulu totchedwa nyika, tomwe anthu a kuchigwa amakumba n'kudya chaka cha njala. Kukumba kwake n'kolowa m'madzi ofika m'chiuno kapena kupitirira, momwemo muli ng'ona, ndipo nthawi zambiri olowamo ndi amayi. Mlendo amajambula duwa. Mwini dera amadziwa kuti duwalo likayamba kusowa pafupi ndi mudzi ndiye kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Palinso namasupuni, udzu wobwera woyandama womwe umatseka tinjira ta mabwato ndi kusokoneza maukonde.

Asodzi tinakumana nawo akubwerera ndi makakana ndi milamba. Padoko mlamba wowamba ndi umene umachuluka, choncho amene timadya nsomba za mamba zokha tiyenera kunena bwinobwino pogula ndi poitanitsa chakudya. Makakana ali ndi mamba, ndipo owotcha pamakala ndi nsima ya mapira ndi chakudya chomwe simungachipeze pa mndandanda wa hotela iliyonse. Mbatata, maungu, nyemba ndi chimanga chachiwisi cha m'madimba zinalipo zambiri mu Julaye, pa mtengo womwe ku Lilongwe tinauiwala kalekale.

Tsopano za malipiro a opalasa bwato, zomwe tinakambirana kwambiri madzulo ake. Anthufe tili ndi khalidwe lodabwitsa. Pa hotela akatiuza mtengo timangotulutsa ndalama, mwinanso kumwetulira kuti asatione ngati osauka. Koma munthu wa bwato akatchula mtengo wake timanenerera mpaka thukuta, ngati akutibera. Chonsecho munthuyu wasiya ukonde wake tsiku limenelo, wakankha bwato maola anayi, ndipo moyo wathu unali m'manja mwake. Zomwe tinalipira opalasa awiri pamodzi sizinafike mtengo wa chakudya chamadzulo cha anthu awiri pa hotela yomwe tinagona mawa lake. Tinagwirizana mtengo tisanakwere, pamaso pa a komiti, ndipo pobwera tinawonjezerapo. Ngati pali poti mudule, dulani pa zakumwa za m'firiji ya ku hotela, osati apa.

Ndi anthu omwe madzi awalanda zambiri. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake yakale pafupi ndi Makhanga n'kudzipangira ina, ndipo midzi, minda ndi njanji zinakokoloka. Kenako kunabwera Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Pakati pa Makhanga ndi Bangula, pamalo otchedwa Mtayamoyo, njira inaduka mu 1997 ndipo anthu akhala akuwoloka pa mabwato. Dzina lokhalo likunena zambiri. Ambiri akumtunda amafunsa kuti bwanji anthuwa osangosamuka. Mukaona chimanga chobiriwira mu Julaye, pamene kumtunda kuli mapesi okhaokha, yankho mumalipeza nokha. Madzi omwe amawononga ndi omwewo amasiya chonde. Dambo limagwira ntchito ngati chinkhupule, kumwa madzi osefukira n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, koma likukwiririka ndi dothi lochokera kumtunda komwe mitengo yatha. Matumba a makala omwe tinawaona akukwezedwa chitunda cha Chikwawa pa njinga amakayaka pa mbaula za m'tauni, zathu zomwe.

Lachitatu tinakwera chitunda kubwerera ku Blantyre, makutu akutsekeka, juzi zikutulukanso m'zikwama. Mzindawu uli ndi mahotela akuluakulu odziwika, monga Ryalls, yomwe yakhala ikulandira alendo kuyambira m'zaka za m'ma 1920, Mount Soche ndi Amaryllis. Ife tinagona pa ina mwa hotela zikuluzikulu za pakati pa tauni, ndipo ntchito yaikulu yochepetsa mtengo tinali titaigwira masabata awiri m'mbuyomo, pa foni.

Tinaimba tokha ku hotela, osadzera mwa munthu wapakati. Tinafunsa mtengo wa nzika za Malawi, m'makwacha. Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa malo ambiri otere amawerengera mitengo yawo ku dola, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umadumpha usiku umodzi. Tinafunsa ngati mtengowo ukuphatikiza msonkho wa VAT ndi msonkho wa zokopa alendo, ngati kadzutsa ndi wa anthu awiri kapena mmodzi, komanso ngati pali masiku omwe zipinda zimatsika. Mahotela a mumzinda amadalira misonkhano ndi anthu a ntchito, ndiye mitengo yawo imatha kusiyana malinga ndi tsiku; wofunsa ndi amene amauzidwa. Zonse tinapempha kuti atilembere pa WhatsApp. Pomaliza tinasankha chipinda cha mtengo wotsikitsitsa. Wogona m'chipinda chapamwamba ndi wogona m'chotsika amasambira m'damu limodzi, amadya kadzutsa patebulo limodzi, ndipo akatseka maso mdima ndi umodzi.

Tinafika nthawi yeniyeni yomwe amayamba kupereka makiyi. Ukalipira usiku umodzi umakhala wagula maola pafupifupi 20, ndipo wofika 9 koloko usiku wataya gawo lalikulu la katundu wake. Mayi wa polandirira alendo tinamupempha mwaulemu ngati tingatuluke mochedwerako mawa lake, ndipo anatiwonjezera ola limodzi popanda kulipiritsa. Sikuti kulikonse amavomera, koma kupempha n'kwaulere.

M'chipinda muli misampha ingapo ya ndalama, ndipo yonse imaoneka yosalakwa. Kafiriji kokhala ndi zakumwa ndi timapaketi ta mtedza: chilichonse chili ndi mtengo wake, kangapo kuposa wa m'sitolo ya kuseri kwa mpanda. Kathumba koikamo zovala zochapa: amawerengera chovala chimodzichimodzi, mpaka sokosi. Kuitanitsa chakudya kuchipinda: amawonjezerapo ya wobweretsa. Ife zovala zafumbi tinazimanga m'jumbo kuti zikachapidwe kunyumba. Tinafunsa kuti ndi mabotolo ati a madzi omwe ndi aulere tisanatsekule. Chakudya chamadzulo tinakadya kunja, pa lesitilanti wamba yaukhondo, nsima ya nyemba ndi chisoso, dzuwa lisanalowe, ndipo pobwerera tinagula nthochi ndi manachesi titafunsiratu ngati n'kololedwa kulowa nazo.

Nanga tinagula chiyani ndi ndalama zonsezo? Tinagula madzi otentha osatha, omwe amayi anakhalamo mpaka zala kukwinyika. Tinagula damu losambira la madzi othira mankhwala, momwe munthu angalowe osaganiza za nkhono kapena ng'ona; abambo omwe dzulo lake analetsedwa kuviika chala m'madzi anasambira mpaka milomo kunjenjemera ndi kuzizira kwa Julaye. Tinagula bata. Wailesi yakanema sitinaiyatse, mafoni tinawaika m'kabati, ndipo pofika 8 koloko tinali titagona. Tulo ta maola asanu ndi anayi osadzutsidwa ndi mwana, tambala kapena nkhawa ya madzi a pampopi, kwa mayi wa ana anayi ndi mankhwala enieni. Makina oziziritsa chipinda sitinawafune n'komwe, poti chiperoni chinali chikugwira ntchitoyo panja.

Kadzutsa ndiye chakudya chomwe munalipira kale, choncho mupatseni nthawi. Tinatsika molawirira, zinthu zikadali zatsopano, ndipo tinakhala ola lathunthu. Tinayamba ndi zipatso, kenako phala, kenako mazira, nyemba, tomato ndi buledi wabulawuni. Masoseji ndi nyama zina zoduladula tinafunsa kaye kuti ndi za chiyani, pakuti m'malo oterewa za nkhumba zimakhala moyandikana ndi za ng'ombe, nthawi zina chopanira chake n'chimodzi. Wodya bwino m'mawa chotere safuna nkhomaliro yolemera, ndipo imeneyo ndi ndalama inanso yotsala m'thumba. Koma kukulunga mabanzi ndi mazira m'kansalu kuti mukadye m'basi, ayi. Munalipira kudya, osati kututa, ndipo mnyamata woperekera zakudya ndi amene amakafunsidwa. Kuli bwino kumusiyira kangachepe m'manja pochoka.

Ola lowonjezera lija tinaligwiritsa ntchito poyenda wapansi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe David Clement Scott anamanga ndi anthu akuno pakati pa 1888 ndi 1891 popanda katswiri wa zomangamanga, chimaoneka bwino kuchokera panja ndipo kuyang'ana sikulipiritsa. Mandala House, yomangidwa mu 1882, inali likulu la kampani ya African Lakes, yomwe sitima zake zinkabweretsa katundu kuchokera ku Zambezi kudzera m'dambo lomwe lija, n'kumutsitsa kufupi ndi Chikwawa kuti amtengatenga amukweze chitunda pamutu. Titaima pakhonde pake tinakumbukira makona aja, omwe ife tinakwera titakhala pa mipando.

Potuluka tinapempha bilu yolembedwa n'kuiwerenga mzere ndi mzere tisanalipire. Chipinda chimodzi cha usiku umodzi chinadya ndalama zoposa zomwe banja limodzi linagwiritsa ntchito masiku awiri kuchigwa, kuphatikiza pogona, chakudya ndi bwato. Amayi anati sakudandaula ngakhale tambala imodzi, koma anawonjezera kuti usiku wachiwiri ukanakhala kungotaya, chifukwa chomwe thupi linkafuna linali litachipeza kale.

Amene mukufuna kuona njovu zenizeni, zili ku Majete, kumpoto kwa boma la Chikwawa, komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2003 ndipo linabwezeretsako zipembere, njovu ndi mikango. Kumeneko kuli malo ogona apamwamba monga Mkulumadzi, omwe mitengo yake ndi ya alendo a madola, komanso kuli malo omanga matenti. Mukhozanso kungolowa m'mawa n'kutuluka madzulo. Nzika za Malawi zimalipira ndalama zochepa pachipata kusiyana ndi alendo akunja, choncho musaiwale chiphaso chanu cha unzika. Chimodzimodzi ku Lengwe, kufupi ndi Nchalo, komwe kuli agwape okongola aja otchedwa boo. Ife sitinafikeko ulendo uno. Thumba linali litanena kale mawu ake.

Nyengo yabwino yotsikira kuchigwa ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, madzi ataphwa m'misewu ndipo kutentha kusanafike. Mu Okutobala ndi Novembala kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo munthu wa kuthamanga kwa magazi, wa shuga, mayi woyembekezera kapena wokalamba asayese dala. Dzinja ndi la eni ake odziwa pothawira.

Ulendo wotere sutha tsiku lomwe mwafika kunyumba. Malungo amatha kuonekera pakapita sabata imodzi mpaka mwezi kuchokera pomwe udzudzu unakulumani. Tinalemba tsiku lobwerera pa kalendala ya kukhitchini, ndipo tinagwirizana kuti aliyense akamva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'nthawi imeneyi apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, awauze achipatala komwe anali, osangogula panado pagolosale. Amene waponda m'madzi a dambo akawauzenso, kuti amuyeze likodzo nthawi yake ikakwana. Ndalama yachipatala ija sitinaigawane pofika; inakhala mu envelopu kwa msungichuma wa chipereganyu mpaka mwezi unatha, kenako inakhala poyambira pa ulendo wa ku Majete.